Mbale Imene Ndinkapatsa Galu

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a mpingo wathu kuno kwa Tengani ndi ena onse amene mawu awa akupezeni. Ine si munthu wa mawu ambiri, ndipo zapakhomo panga sindinazolowere kuuza anthu. Koma ndiyenera kunena zimene zinandichitikira m'masika a chaka chatha. Ndinatsala pang'ono kufa ndi njala chakudya chili pamaso panga, ndiponso ndinatsala pang'ono kutaya banja limene linali lisanathe miyezi iwiri.

Mkazi wanga woyamba anamwalira titakhala limodzi zaka zoposa makumi anayi. Ana onse ali kutali, wina ku minda ya nzimbe, ena m'tauni. Ndinakhala ndekha zaka zitatu. Kuphika sindidziwa, ndipo sindinafune kuphunzira. Ndinkakhalira mbatata yootcha ndi tiyi, kupatula masiku amene mlongo wanga wamng'ono, Esinati, ankanditumizira kambale. Abusa anandiuza kuti ndipeze munthu. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinavomera.

Amene ndinapeza ndi mayi Rozina a ku Marka, mayi wamasiye, amene makolo awo anachokera tsidya la Mozambiki. Anali ataika amuna awiri m'manda. Zimenezi ndinazidziwa kuyambira pachiyambi ndipo sizinandivute. Ukwati unadalitsidwa kumayambiriro kwa Epulo, mapira atayamba kukhwima. Panalibe phokoso. Tinapha mbuzi imodzi, anthu anadya, anabalalika.

Masabata oyamba anali abwino, sindinama. Nyumba inaziridwa, bwalo linaseseka, zovala zanga zinasiya kununkha utsi. Mayiwa amadziwa kuphika. Mlamba wouma ankautendera ndi nsinjiro mpaka minga kufewa. Lamulungu ankaphika mpunga wa kokonati monga amachitira kwawo, chinthu chimene ndinali ndisanalawepo. Popeza inali nthawi ya masamba ambiri, masana ankafutsa chitambe ndi nkhwani, n'kuyanika pamphasa kuti tidzakhale ndi ndiwo m'chilimwe. Ankagwira ntchito akuimba nyimbo za kutchalitchi m'Chisena. Ndikawabweretsera ngakhale kamtolo ka nkhuni, ankawomba m'manja n'kunena kuti, "Takhuta, bambo." Ine sindinazolowere kuthokozedwa pa zinthu zazing'ono. Ndinayamba kufewa.

Tsiku lina ndinaona akutsimphina pochokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Bondo lawo lakumanzere limavuta. Mawa lake ndinamanga zigubu ziwiri panjinga n'kupita kukatunga madzi ndekha. Pobwerera ndinakumana ndi Esinati panjira. Anaima, manja m'chiuno.

"Achimwene, ndi inu amene? Alamu anga malemu aja anakalamba akusenza ndowa inu muli pampando. Lero mwezi usanathe mukukankha zigubu ngati waganyu? Mwadyetsedwa inu. Ndipo mufunse kuti amuna awo awiri aja anapita bwanji."

"Iwe Esinati, tseka pakamwa pako," ndinatero, n'kupitirira.

Ndinamudzudzula, koma mawu aja anali atalowa kale. Ndinayamba kudzifunsa ndekha. N'chifukwa chiyani ndikakhala kumunda ndimafulumira kubwerera kunyumba? N'chifukwa chiyani ndinaseka dzulo, ine amene ana anga omwe sanandionepo mano? Ndiwo zokoma chonchi, muli chiyani? Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndadzudzulapo anthu ambiri chifukwa cha zithumwa ndi mantha a mankhwala. Choncho nkhaniyi sindikanauza abusa, sindikanauza mkulu mnzanga aliyense. Ndinaisunga m'mimba, ndipo inadzaza malo a chakudya.

Ine ndinakulira m'mwambo wakuti bambo amadya yekha. Malo anga odyera anali kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa nimu. Mayiwa ankabweretsa mbale, kugwada, kundithirira madzi m'manja, n'kubwerera kukadyera kukhitchini. Mwambo umenewu ndi umene unandithandiza kuchimwa. Akangokhota pangodya, ndinkaitana galu wanga Dziwazako n'kumukhuthulira zonse kuseri kwa khola la mbuzi. Kenako ndinkapaka zala m'mbale kuti zioneke ngati ndadya. Munthu wa imvi, kuchita zimenezo kawiri pa tsiku.

Kumunda ndinkadya zimene manja awo sanakhudze. Ndinkatafuna misale, mtedza wauwisi, masau osapsa bwino, nthawi zina kambatata kootcha pamoto wa zinyalala. Kamba amene ankandimangira m'kansalu ndinkataya m'tchire. Nditakhala ndekha zaka zitatu zija ndinkapirira ndi zochepa, koma nthawi imeneyo sindinkagwira ntchito yokolola dzuwa lili pamutu. Chigwa chathu mukuchidziwa. Ngakhale mu Meyi, masana kumatentha.

Patapita masabata awiri mawondo anayamba kunjenjemera. Mpeni wodulira ngala za mapira unayamba kulemera. Ndinkadula mzere umodzi n'kukhala pansi, kudula wina n'kukhalanso. Mpheta zinkatera m'munda ngati utsi, ndipo ndikati ndikuwe, mawu sankatuluka. Anzanga oyandikana nawo minda anamaliza kudula, anayamba kupuntha, ena anayamba kutola thonje. Anga mapira anali chiimire, mbalame zikudya. Ndinaboola bowo latsopano palamba ndi msomali. Sabata yotsatira ndinaboolanso lina.

Esinati atandiona kutchalitchi anandikokera pambali. "Mwaona? Sindinanene? Taonani khosi lanuli. Akukumalizani pang'onopang'ono." Ndipo ine, m'malo moona kuti ndikuonda chifukwa sindikudya, ndinakhulupirira kuti zimene ndinadya masabata oyamba aja ndi zimene zikundigwira. Umo ndi mmene mantha amagwirira ntchito. Amakudwalitsa okha, kenako n'kukuonetsa matendawo ngati umboni.

Mayi Rozina ankandifunsa kuti, "Bambo, kodi m'thupi muli bwino?" Ndinkayankha kuti ndili bwino, n'kuyang'ana kumbali. Ankapita nane kumunda masiku ena, bondo likalola, ndipo ankadula mofulumira kuposa ine. Kuimba kunatha pakhomo. Tsiku lina anapha nkhuku yawo ya thadzi, imene anabwera nayo kuchokera ku Marka m'dengu, kuti mwina msuzi ungandibwezere mphamvu. Fungo lake linandipweteka m'mimba mpaka misozi. Koma nayonso inapita kwa Dziwazako. Ndikakumbukira nkhuku imeneyo, mpaka lero ndimasowa poyang'ana.

Kupemphera sindinasiye, koma pemphero langa linali limodzi. Ndinkakhala pansi pa nsanja yoingira mbalame n'kunena kuti, "Ambuye, ndionetseni zimene zili m'chakudya cha mayi ameneyu." Tsiku ndi tsiku mawu omwewo. Kumwamba kunali zii. Ndinatopa. Ndinatopa ndi njala, ndinatopa ndi kunama, ndinatopa ndi kuopa munthu amene ndikugona naye nyumba imodzi. Ndinafika poganiza kuti bola ndikanangofa ndili ndekha, ndi mbatata yanga ija.

Ndinagwa Lachitatu lina masana, mpeni uli m'manja. Sindikumbuka kugwako. Ndinadzidzimuka ndili m'ngolo ya a Thomu, amene munda wawo unagundana ndi wanga, mutu wanga uli pamiyendo pa mayi Rozina, akundikupiza ndi mpango. Kuchipatala chaching'ono anandiyeza malungo, anandiyeza shuga, sanapeze kanthu. Adokotala, mwana wamng'ono woti ndikanamubereka, anandikweza malaya n'kuona nthiti. Kenako anatembenukira kwa mayiwa, pamaso pa anthu onse amene anali pabenchi.

"Mayi, madalawa ndi njala basi. Kodi mumawapatsa chakudya kunyumba? Nthawi yokolola ino?"

Anthu anatembenuka kuwayang'ana. Mayi wina anatsonya. Mayi Rozina anaweramitsa mutu. Ine ndinali maso, ndinamva zonse, ndipo choonadi ndinkachidziwa ndekha. Ndinatseka maso ngati ndakomokanso. Pa machimo onse a m'nkhaniyi, lalikulu ndi limenelo.

Tinabwerera madzulo omwewo. Mawa lake masana ndinadzikoka kupita pansi pa nimu paja. Ndinalibe mphamvu yopemphera zambiri. Ndinangoti, "Ambuye, ndatopa. Ndiyankheni lero, kaya yankho likhala lotani."

Mayi Rozina anabwera ndi mbale monga mwa masiku onse. Anagwada, anandithirira madzi. Koma sanabwerere kukhitchini. Anasamba m'manja m'beseni lomwelo, anakhala pamphasa yanga, anatambasula bondo lovuta lija, n'kuyamba kudya m'mbale mwanga. Chibadwire changa mkazi anali asanachitepo zimenezo. Anadya mbali zonse za mbale, pang'onopang'ono, akundiyang'ana. Dziwazako anafika n'kukhala potero, akudikira gawo lake.

"Galu wanu wanenepa, bambo," anatero. "Mudzi wonse uno palibe galu wonyezimira chonchi. Mukanakhala mankhwala m'mbalemu, bwenzi atafa kale. Kapena bwenzi ali iyeyu amene akunditungira madzi panjinga."

Anatema mbamu ina ya nsima n'kuonjezera kuti:

"Ndinadziwa sabata yoyamba yomwe. Munthu amene wadya mlamba sasiya mbale yopanda munga ngakhale umodzi. Ndinati ndidikire, mwina munena nokha. Mukufuna kudziwa zimene ndimathira? Muli mchere, tomato, nsinjiro, ndi thukuta langa. Palibe china."

Abale, awa anali mawu a pemphero langa lenilenilo, limene sindinauzepo munthu.

Anapitiriza, mawu ali pansi. "Bambo oyamba aja anagwidwa ndi ng'ona akuvuula ukonde. Ng'onayo sindinaiphikire ine. Achiwiri anadwala chifuwa zaka ziwiri, ndinkawasambitsa ngati mwana mpaka tsiku lomaliza. Maliro awiri andikwana. Achitatu, a munthu wodzipha yekha ndi njala kuti dzina loipa litsale pa ine, amenewo sindiika. Ndatumiza mawu kwa achimwene anga. Loweruka abwera kudzanditenga."

Ine ndinali ndisanapepesepo kwa mkazi. Malemu aja anapita osamva mawu amenewo pakamwa panga, ngakhale anali oyenera kuwamva kambiri. Ndinayang'ana mbale. Ndinatenga mbamu, ndinasunsa, ndinadya. Ndinatenganso ina. Kenako ndinati, "Mayi, ndinakulakwirani. Musapite."

"Kudya mwadya chifukwa njala yakupwetekani," anayankha. "Koma manyazi munandipatsa pagulu. Mudzi wonse ukuti wa ku Marka uja akumana mwamuna wake chakudya. Mawu a kuseri kwa nyumba sangachotse zimenezo."

Ananena zoona. Loweruka achimwene awo anafikadi. Ndinawapempha kuti agone, adikire mapemphero a Lamulungu. Masiku amenewo anali aatali kuposa masabata onse a njala aja. Lamulungu, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira ndi ndodo pamaso pa mpingo umene ndautsogolera zaka zambiri. Ndinanena zonse: za zigubu, za galu, za nkhuku, za kutseka maso kuchipatala. Ena anaseka pa nkhani ya galu, ndipo sindikuwaimba mlandu. Ena anayang'ana pansi, makamaka amuna. Ndinati mayi awa sanandimanepo kanthu, wodzimana ndi ine, ndipo amene ali ndi mawu oipa pa iwo abwere nawo kwa ine.

Potuluka, mayi Rozina anayankhula ndi achimwene awo m'Chisena pansi pa mtengo, nthawi yaitali ndithu. Ine ndinaima patali, osadziwa kuti zitha bwanji. Kenako alamu angawo anakwera njinga yawo okha, pakaliyala palibe munthu. Mayiwa anabwera pamene ndinaima n'kunena kuti, "Tiyeni, bambo. Koma kuyambira lero tizidyera pakhonde la kumaso, mbale imodzi, odutsa aziona." Ndinavomera.

Sindikunena kuti zonse zinabwerera m'malo. Mapira ambiri anapita ndi mbalame. Otsalawo anatithandiza kudula a Thomu ndi amayi a chigwirizano, ndipo sanafike pamene amafika zaka zonse. Chilimwe chinali chovuta, tinadalira mfutso uja ndi kambewu ka kudimba. Mphamvu zanga sizinabwerere zonse, pa msinkhu uno thupi silikhululuka msanga. Esinati mpaka lero sanapondenso pakhomo panga. Mayi Rozina amamutumizira ndiwo, iye amabweza. Mumukumbukire m'mapemphero, pakuti nayenso ndi mantha omwe aja akumudya. Amuna anzanga akadutsa n'kutiona tikudya limodzi amatsokomola dala. Ndimawayankha moni n'kupitiriza kudya.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye kuti ndife ndi uchitsiru wanga. Ndinkayembekeza kuti andionetsa mdani, koma anandionetsa munthu amene anapirira nane mwezi wathunthu akudziwa zonse. Ndikuthokoza a Thomu chifukwa cha ngolo, ndi mpingo chifukwa chondimvera osandichotsa pampando. Ndikuthokoza mayi Rozina, amene anali ndi zifukwa zonse zokwerera njinga ija.

Inu amene mwangolowa m'banja, ana kapena okalamba ngati ine, mawu a panjira musamalowe nawo m'nyumba n'kuwabisa. Chikakuvutani, funsani mnzanuyo maso ndi maso, lero lomwe. Ndipo inu amene mwatopa, amene mwapemphera mpaka mawu kutha, musaleke. Yankho limabwera, ngakhale nthawi zina limabwera lokuchititsani manyazi. Likafika musatseke maso monga ndinachitira ine. Lilandireni, muimirire, munene kuti ndinalakwa. Ine ndinachedwa nawo mawu amenewo zaka zoposa makumi anayi, ndipo nditawanena sindinafe.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.