Mbaula ya a Watson Mphepo

Malemu atsibweni athu, a Watson Masautso Mphepo, anabadwa pa 9 Julayi 1948 m'mudzi uno wa Kachelenga, kuno kwa Kaomba. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu ndi awiri a bambo Duncan Mphepo ndi mayi Nankhoma, ndipo pa onsewo lero atsala ndi mayi anga okha, a Lonjezo. Ine amene ndaima pano ndine Alick, mwana wa mlongo wawo, amene banja landituma kuwerenga mbiriyi. Abusa, mafumu, akulu ampingo ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, ndinene pasadakhale kuti m'mbiri muno muli ndime zimene ife tikanakonda kuzilumpha. Eni akewo anatiletsa kutero.

Sukulu anayamba mu 1956 ndipo analekeza Sitandade 6 mu 1963, pamene bambo awo anadwala, kumunda n'kusowa wogwira khasu. Mu 1967 analembedwa ntchito pa esiteti ina ya fodya ku Lisasadzi, yosonkha moto mu ng'anjo zoumitsira fodya wa kampopi. Achikulire muli pano mukuidziwa ntchito imeneyi. Munthu ankatha sabata yathunthu maso ali pa moto, chifukwa ukakula pang'ono fodya wa munda wonse asanduka phulusa, ukazilala tsamba lida. Atsibweni anaigwira zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo palibe ng'anjo imene inapsa m'manja mwawo. Mu 1988 anabwerera kumudzi kuno kudzalima chimanga ndi fodya wawo wa bale, ndipo chaka chomwecho mpingo unawasankha kukhala mkulu.

Pa 16 Sepitembala 1972 anamanga banja ndi mayi Enelesi Mbewe a kwa Mwase, amene tonse tinkawatcha a Nambewe, ndipo anawatenga pa chitengwa. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi. Awiri anatsogola ali aang'ono; amoyo ndi Raymond, Dyna, Geoffrey ndi Tithokoze.

Mu 1994 a Nambewe anayamba kutsokomola kosalekeza, ndipo kuchipatala anati vuto ndi utsi wa pamafuwa. Atsibweni anaumba njerwa, anakumba dothi la pachulu, ndipo m'kona mwa khitchini yawo yaudzu anamanga mbaula yankhuni imene kunoko tinali tisanaionepo. Anaika paipi yotulutsira utsi kudenga, ndipo kutsogolo anamangirira kachitseko kachitsulo kamene anakatola pa ng'anjo yakugwa ku esiteti kuja. Chifuwa cha a Nambewe chinatha, ndipo nkhuni zimene kale zinkatha pa masiku awiri zinayamba kufika sabata.

Koma mbaulayo inagwira mtima wa mmisiri wakeyo. Madzulo akaweruka kumunda, makamaka miyezi yachisanu ngati uno, ankakoka kampando, n'kutsegula kachitseko kaja, n'kungokhala akuyang'ana moto. A Nambewe ankagwira zawo, iwo ali phee, manja pa maondo. Ankadziwa nkhuni iliyonse ndi kayakidwe kake: kuti malaina amathetheka n'kutha msanga, kuti mtondo umachedwa kugwira koma umasiya makala ofiira mpaka dzuwa kulowa, kuti zitsononkho zimatulutsa kalawi kobiriwira m'mphepete. Tsiku lina anauza mayi anga kuti zaka zonse za ku esiteti ankayang'ana moto ndi mantha, ngati munthu wolondera chilombo, ndipo anali asanadziwe kuti moto womwewo ukhoza kukhazika munthu mtima pansi.

Anzawo sanazione choncho. Pabwalo la bawo ankawafunsa ngati ndiwo zapsa. Ena ankanong'ona kuti a Nambewe anawadyetsa khuzumule, popeza mwamuna weniweni, mkulu wa mpingo, sangamange msasa kukhitchini. Atsibweni zinkawapweteka, ndipo anapeza njira yobisalira. Pambali pa mpando wawo pankakhala kanyundo. Akangomva odi panja, ankakatola msanga n'kuyamba kugogoda paipi, n'kutuluka akudandaula kuti utsi ukubwerera. Paipi imeneyo inakonzedwa zaka makumi awiri ndi zitatu isanawonongekepo. Ife ana tinkadziwa, tinkaseka kuseri, ndipo anzathu akabwera kudzacheza tinkachita nawo manyazi.

A Nambewe anatisiya pa 3 Meyi 2017. Kuyambira pamenepo chakudya chinkachokera kwa Dyna, koma atsibweni sanaleke kukoleza mbaula. Ankatereka kaketulo ka madzi kuti pakhale chonamizira, n'kukhala pampando pawo paja mpaka makala atachita phulusa. Ife tinkati ndi ukalamba, ndipo tinkati mankhwala ake ndi nyumba yabwino. Mu 2020 ana anawamangira nyumba yamalata mukuionayi, yokhala ndi magetsi adzuwa ndi wailesi yakanema. Anathokoza, ankagonamo, koma masana ankabwerera kukhitchini kwawo.

Mu Ogasiti 2021 Raymond anawatengera ku Lilongwe kukachotsa ng'ala m'maso, chifukwa anali atafika poona moto ngati chinthu chofiira chabe chopanda malawi. Mwezi wotsatira kunali chinkhoswe cha Tithokoze, ndipo alendo ake anali ochokera m'tauni. Tinakhala pansi ife, eni ake kulibe, n'kugwirizana kuti khitchini yakudayo ikunyazitsa nyumba yatsopano. Tinaigwetsa tsiku limodzi. Njerwa za mbaula tinakwirira nazo dzenje la kuseri, ndipo kachitseko kaja tinapatsa ogula zitsulo zakutha. Atsibweni anabwera maso ali mbee, akuwerenga ngakhale zilembo zazing'ono za m'buku la nyimbo. Atatsika galimoto sanalowe m'nyumba. Analunjika kukhitchini, n'kupeza bwalo losesa bwino. Anaima pamenepo kanthawi, kenaka anatiyamikira kuti pakhomo pakongola. Ife tinakondwa, tinati amvetsa.

Chisanu cha 2022 chitayamba, anthu anayamba kuwaona cha m'ma fili koloko akuwoloka dambo, nkhuni ziwiri kapena zitatu zili m'khwapa. Ankapita kwa mayi Faustina Gondwe, a Nyagondwe, amasiye a malemu a Wakisa amene anachokera kumpoto n'kugwira ntchito limodzi ndi atsibweni ku esiteti. Mu 2003 atsibweni anali atamangira banja limenelo mbaula yofanana ndi yawo, ndipo m'dera lonse lino inali itatsala yokhayo. Ankakhala kumeneko ola limodzi kapena awiri, n'kubwerera dzuwa lisanalowe.

Nkhani yakuti awiriwa ali pa chibwenzi inayenda mwa njira yake. Inayambira pamjigo, inafika kumsika, ndipo pofika pa foni ya Raymond ku Lilongwe inali itamera miyendo ndi mchira. Palibe mmodzi wa ife amene anawoloka dambo kukaona yekha. Palibe amene anakumbukira za mbaula, ngakhale kuti tinaigwetsa ndi manja athu. Mu Okutobala chaka chomwecho banja linagwirizana zokatula nkhaniyi kwa akulu ampingo, ndipo amene anainyamula ndine. Akuluwo anachita zimene malamulo amafuna, anaitana onse awiri. A Nyagondwe ananena zoona, kuti bambowa amangofika, kutsegula kachitseko, kukhala, ndipo nthawi zambiri salankhulana n'komwe. M'chipindamo anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. Atafunsidwa atsibweni, anawerama, n'kunena kuti alibe mawu. Kukhala chete kumeneko tonse tinakutenga ngati kuvomera. Anaimitsidwa pa ukulu ndi pa mgonero. A Nyagondwe anavula yunifolomu ya bungwe la amayi imene anaivala zaka makumi atatu, ndipo amayi amene ankagula tomato wawo anayamba kudutsa atayang'ana kumbali.

Kuchokera pamenepo atsibweni sanawolokenso dambo. Ankakhala pakhonde atafunda jekete, wailesi yakanema ikudzilankhulira yokha m'nyumba. Kutchalitchi ankapitabe, koma ankakhala benchi yakumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Thupi linayamba kutha. Mu 2024 anapezeka ndi vuto la mtima, ndipo pa 6 Juni chaka chino anagonekedwa pachipatala cha pa boma ndi chibayo. Atakhala masiku khumi, madokotala anatiuza mosabisa kuti mtima watopa, ndipo ndi bwino akakhale pakati pa abale awo.

Lachisanu pa 20 Juni anatiitana, ana onse anayi ndi ine. Anatiuza zonse zimene mwamvazi, pang'onopang'ono, akupumira. Anati tsiku lija pamaso pa akulu anzawo pakamwa panawauma, chifukwa ena mwa okhala pamenepo anali omwe aja a pabwalo la bawo, ndipo anaona kuti n'kwapafupi kutchedwa wochimwa kusiyana ndi kusekedwanso kuti nkhalamba imayenda mtunda wonse uja kukapenya moto ngati khanda. Mawu awo ndinawalemba, ndipo ndi awa: "Za mbaula yanga sindikukusungirani kanthu. Koma mayi uja ananena zoona ali yekha, ine ndili pomwepo, ndipo ndinamusiya. Zimenezo mukazinene pamaliro anga, anthu onse akumva." Akale anati manyazi anapha lambe. Kwathu kuno anapweteka ndi munthu wosalakwa yemwe.

Tinathamanga kuti tikonze zimene zikanakonzeka. Geoffrey ndi ine tinamanga mbaula m'kachisakasa kuseri kwa nyumba, masiku awiri. Titakoleza, utsi unadzaza ponseponse, ndipo odwalawo anatsokomola mpaka tinawatulutsa. M'pamene tinazindikira kuti pa zaka zonse zija panalibe mmodzi wa ife amene anakhalapo pansi kufunsa mmene ankamangira. Tinalibenso kolowera koma kuwoloka dambo. Tinapita ine ndi Dyna, tinagwada pabwalo pa a Nyagondwe, tinafotokoza. Anatimvetsera mpaka kumapeto, n'kutiuza kuti tipite, aganize. Tsiku lachiwiri anatumiza mawu kuti tibweretse atsibweni, koma tibwere tonse amene tinakhala pa upo uja wokawanenera kumpingo, wina asatsale.

Lachisanu lapitali, pa 27 Juni, tinawagoneka pamatiresi m'ngolo n'kuwoloka nawo. A Nyagondwe anali atakoleza kale. Sanatipatse moni wautali. Anatiloza mkeka m'khitchinimo, n'kunena m'chinenero cha kwawo kuti, "Khalani penepapo, muwone mwekha ivyo tikachitanga," ndiko kuti tikhale pomwepo, tione tokha zimene ankachita. Tinakhala. Atsibweni tinawatsamiritsa pa Raymond, ndipo anatambasula dzanja n'kutsegula okha kachitseko. Munali chikuni cha mtondo chitagwira bwino, malawi akukwera mwaulesi n'kupindikira kupaipi. A Nyagondwe anakhala pakhomo akusola mtedza. Patapita nthawi tinaona mapewa a atsibweni akutsika, kupuma kwawo kumene kunali kothamanga sabata yonse kukuyenda bwino, nkhope itamasuka mmene tinali tisanaionere chimwalirire a Nambewe. Kamodzi kokha anauza Geoffrey kuti akankhire chikunicho mkati pang'ono. Tinakhala choncho ola ndi theka, anthu akuluakulu asanu, titatenthedwa maondo, tikulephera kuyang'anana. Zimene tinaimitsira munthu pa mgonero zinali zimenezo basi.

Loweruka akulu ampingo anakumana, anamva umboni wathu, ndipo anabweza malemuwa pa udindo wawo. Abusa anabwera madzulo ake kudzawapatsa mgonero pa bedi. Lamulungu pa 29 Juni 2025, cha m'ma teni koloko m'mawa, anthu ali m'tchalitchi, atsibweni anatsirizika mwakachetechete, Dyna atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 76, atatsala masiku khumi kuti akwanitse 77.

Asiya mlongo mmodzi, ana anayi, zidzukulu khumi ndi zitatu, ndi zidzukulutudzi ziwiri. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi akulu ampingo amene sanachedwe kukonza mlandu umene ife tinawasokeretsa nawo, mafumu potipatsa malo, adzukulu amene akumba manda m'dothi louma la mwezi uno, amayi amene agona pano masiku awiri, ndi a Mwavi amene anatibwereka ngolo ndi ng'ombe zawo osafunsa kuti tikupita kuti.

Kwa inu a Nyagondwe, takuonani kumene mwakhalako, kumapeto kwa amayi, mutavala chitenje wamba. Pamaso pa mafumu, mpingo ndi mudzi wonse, ife a banja la Mphepo tikunena kuti munanena zoona, ndipo amene tinanama ndife. Amene munamva bodzali pakamwa pathu, imvaninso izi pakamwa pomwepo, ndipo mukauze ndi amene sanabwere. Mpingo wanena kuti malo anu m'bungwe la amayi alipo tsiku limene mudzafune. Simunatiuze kuti mwatikhululukira, ndipo ife tilibe mphamvu yokufulumizitsani. Tidikira.

Atsibweni, uthenga umene munatituma taufikitsa, sitinachotsepo liwu. Pitani bwino, Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere.