Tsiku limene madzi anaima m'chiuno mwanga

Moni nonse okhulupirira anzanga, makamaka inu amayi amene mukuwerenga izi mwana ali kumsana. Ine ndine Esinati. Ndikufuna ndichitire umboni za mwana wanga Takondwa, amene ndinatsala pang'ono kumutaya kawiri, koyamba ndi kusowa kwa ndiwo, kachiwiri ndi madzi.

Ine ndi amuna anga tinachoka ku Dedza kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya kuno ku Mchinji, kutali ndithu ndi Kamwendo. Bwana ankatipatsa chimanga chokha, za ndiwo aliyense ankaona yekha. Kumunsi kwa nyumba zathu kumadutsa mtsinje, ndipo kumtunda kwake bwana anamanga damu n'kuikapo makina opanga magetsi ndi mphamvu ya madzi, oyendetsera chigayo chake. M'mawa ankatsegula geti la damulo, madzi ankabwera ambiri. Chigayo chikaweruka masana ankatseka, ndipo mtsinje unkaphwa nthawi yomweyo.

Madzi akathawa choncho, nsomba zinkatsala pamchenga ndi m'tizithaphwi zikuphiriphitha. Amayi tinkatsika ndi mabeseni kukatola ndi manja, matemba, makumba, ngakhale tiana tosakwana chikhadabo. Lamlungu lina ine ndinaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti Mulungu watigwetsera mana. Anthu anaomba m'manja. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi, chifukwa sindinkadziwa kuti tikudya mbewu. Mazira amene nsomba zinkaikira m'maudzu a m'mbali ankapsa ndi dzuwa masana alionse, ife n'kumatola tiana totsalato.

Chaka chachiwiri nsomba zinatha. Tinkatsika ndi mabeseni n'kubwerera ndi matope. Nthawi imeneyo Takondwa anali ndi chaka ndi miyezi isanu, mkaka wanga utauma. Mapazi ake anayamba kutupa, ndikadina ndi chala dzenje linkatsala. Tsitsi linafiira, kusewera analeka, ngakhale kulira ankangotsegula kamwa osatulutsa mawu. Kusikelo anandiuza kuti ndizimusinjira matemba m'phala. Ndinavomera ndi mutu, koma matembawo ndikanawapeza kuti? Mwezi womwewo mnzanga Nabanda anaika m'manda mwana wake amene anatupa chimodzimodzi. Pobwera kumanda ndinkangomuyang'ana Takondwa pachifuwa kuti ndione ngati akupumabe.

Ndisakubisireni, ndinamuda munthu wotsegula geti uja. Anali bambo wachikulire, a Mwale, wosalankhulalankhula, amene ndinkangomuona patali akuyenda pamwamba pa khoma la damu. M'pemphero ndinkamutchula, koma osati momufunira zabwino.

Tsiku lina masana madzi ataphwa ndinatsika ndekha, poti anzanga anali atatopa nazo. Ndinaganiza kuti mwina pakati pa mtsinje, pamatope akuda, pangabisale mlamba umodzi. Ndinayala chitenje changa chofiira pa kachilumba ka mchenga, n'kumukhazika mwana pamenepo, ine n'kumatsika ndikupisa manja m'matope. Sindinadziwe kuti ndafika patali. Sindinadziwenso kuti kuchigayo kwabwera ngolo za chimanga mochedwa, ndipo kapitawo walamula kuti geti litsegulidwenso.

Ndinamva phokoso ngati lole ikubwera m'mbuyo mwanga. Nditacheuka ndinaona madzi ofiira akugubuduza zinyalala, ndipo anali atafika kale pakati pa ine ndi mwana. Ndinathamanga, ndinagwa, ndinadzuka, madzi m'maondo, kenako m'ntchafu, akundikankhira kumbuyo, ine ndikupita kutsogolo koma osasuntha. Kachilumba kaja kankachepa ndikuona. Ngodya ya chitenje inanyowa n'kuyamba kuyandama. Takondwa anangokhala phee, akundiyang'ana, wopanda mphamvu ngakhale yokwawa. Pemphero lalitali linandisowa, ndinkangoti Yesu, mwana, Yesu, mwana.

Abale anga, madzi atafika m'chiuno mwanga anaima. Kenako anayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka ndinatha kuponda bwino. Ndinafika pa mwana madzi atamunyowetsa kale mapazi, ndinamunyamula, ndipo ndinangokhala pomwepo pamchenga wonyowa.

Patapita nthawi ndinaona munthu akutsetsereka pagombe, akupumira m'mwamba. Anali a Mwale. Iwo anaona chitenje chofiira ali pakhoma, ndipo anatseka geti osafunsa munthu, chigayo n'kuzima chimanga chili m'kati.

"Mayi, mukufunanji pakati pa mtsinje ndi mwana?" anandifunsa.

"Ndiwo, bambo."

Anamuyang'ana Takondwa mapazi, anadina ndi chala chawo, dzenje linatsala. Kenako anayang'ana pamchenga pamene panali tiana ta nsomba touma ngati mankhusu. Anatola kamodzi n'kukaika pachikhatho.

"Zaka zonsezi ine ndimangopotokola chitsulo kumtunda kuja," anatero. "Kunsi kuno sindinapondeko."

Kapitawo anawakalipira pamaso pa anthu ochigayo, koma m'mawa mwake a Mwale anafika pakhomo pathu ndi milamba iwiri imene anawedza m'damu. Anachita choncho masabata ambiri. Ndinkaphika, kuchotsa minga, n'kusakaniza m'phala. Kutupa kunayamba kuphwa, ndipo tsiku limene Takondwa analira mokweza ine ndinagwada pansi kuthokoza.

A Mwale anasinthanso katsekedwe. Geti sankalitsekanso lonse, ankasiya mpata wa zala zitatu kuti madzi asaleke kuyenda. Potseka ankapotokola pang'ono, kudikira, n'kupotokolanso, kuti nsomba zizibwerera kozama limodzi ndi madzi. Asanatsegule ankamenya limu yakale ya tayala la thirakitala kuti aliyense amene ali mumtsinje atuluke. Bwana atamva anakwiya kuti madzi akuonongeka, koma damu silinaphwe, ndipo anangowasiya.

Chinandivuta ine ndi chimene anandipempha. Anati amayi tileke kutola tiana ta nsomba, ndipo tikatipeza m'zithaphwi tizitibwezera mumtsinje. Ndinaimiriranso m'tchalitchi momwe muja, n'kunena kuti zimene ndinkati mana sizinali mana. Ulendo uno palibe anaomba m'manja. Mayi wina anati, "Iwe ukulankhula chifukwa mlamba ukukupeza pakhomo." Koma masana ake ndinamupeza Nabanda kumtsinje akutunga tiana ndi chipande n'kumatithira pozama, misozi ikutsika.

Nsomba sizinabwerere msanga, ndipo sizinafike pa zakale. Panapita mvula ziwiri tisanayambenso kupeza matemba okwana ndiwo. A Mwale anadwala chifuwa n'kubwerera kwawo, ndipo ndinamva mochedwa kuti anatisiya. Sindinawauze kuti ndinkawapempherera zoipa, ndipo zimenezi zimandipwetekabe. Koma asanachoke anakhoma msomali pachitsulo cha geti, posonyeza pamene liyenera kulekezera, ndipo amene anawalowa m'malo sadutsa pamsomalipo.

Takondwa anachedwa kuyenda, ndipo mpaka pano ndi wamng'ono thupi kuposa anzake. Ine mantha sanandichoke. Limu ija ikalira ndimasiya chilichonse n'kuyamba kumufuna, ngakhale ali pafupi ndi mwendo wanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva mawu awiri okha a mayi wosokonezeka, n'kuwayankha kudzera m'dzanja la munthu amene ndinkamuda. Inu amene mwana wanu akudwala ndipo pemphero likukuthawani pakamwa, musaleke, nenani ochepa omwewo. Ine ndinalibe ena, koma dzulo Takondwa wadya matemba ndi dzanja lake, n'kundipempha ena.