Madzi a pa Manda a ku Moroko

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu abusa athu, amayi busa, akulu a mpingo, ndi inu nonse abale ndi alongo amene mwatsika m'mabasi m'mawa uno kuno ku Abu Hamour, mu Doha muno. Ena ndikukuonani maso ali psuu, mwachokera pageti kulondera. Musawodzere, sinditalikitsa. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndiyambe ndi kupepesa, chifukwa umboni wangawu uli ndi bodza m'kati mwake, ndipo wabodzayo ndine ndemwe ndaima panoyu.

Ambiri mumandidziwa. Ndine uja ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, woyamba kutuluka abusa asanamalize chisomo. Ntchito yanga ndi udalaivala. Ndimayendetsa adokotala ena achikulire a ku Al Aziziya, kwawo ndi ku Moroko koma akhalitsa kuno. Maso awo anafooka, ndiye chiwongolero anandisiyira ine.

Nthawi ya Kovidi ndinali ndisanawadziwe, ndinkayendetsa basi ya kampani ina. Mkazi wanga, mayi ake a Tadala, anadwala kumudzi ku Mitundu. Lachiwiri ankati ndi chimfine. Loweruka anali kuchipatala akubanika. Lolemba m'mawa mlamu wanga anandiimbira, ndipo asanayankhule n'komwe ndinamva kulira kwa azimayi kumbuyo kwake. Basi, ndinadziwa.

Abale, ndege zinali zitaima. Mukukumbukira eti? Ine ndili m'kachipinda ku Najma, anzanga asanu atandizungulira, aliyense atavala masiki, palibe wondigwira ngakhale paphewa. Maliro a mkazi wanga ndinaonera pafoni. Mlamu wanga anaima patali, chifukwa bokosi ankanyamula ndi azaumoyo ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Netiweki inkadukaduka. Chithunzi chinaima bokosi lili m'mwamba, pa zingwe. Ndinagwedeza foni, ndinathamangira pawindo, ayi ndithu. Pamene chithunzi chinkabwerera, anthu anali akubalalika. Mkazi amene ndinakhala naye zaka makumi awiri analowa m'nthaka ine ndikufunafuna netiweki.

Tinabereka mwana mmodzi yekha, Tadala. Ndiye ankadwazika mayi ake, mtsikana wa ku sekondale. Tsiku lililonse ankandifunsa, "Ababa, mubwera liti?" Ine n'kumati, "Mwanawe, ndege kulibe." Pamenepo ndinkanena zoona.

Kenako ndege zinayamba kuuluka. Malamulo a ntchito nawo anasintha, inu ndinu mboni. Chikalata chija chopempha kwa abwana kuti utuluke m'dziko chinatha, ndipo munthu unkatha kusintha ntchito popanda kugwadira aliyense. Ine ndemwe ndinapindula nazo, ndi mmene ndinachokera ku basi kupita kwa adokotala. Khomo linali pululu. Koma Tadala akafunsa, ndinkati, "Abwana akana." Mwezi wina, "Abwana akana." Chaka chinatha, "Abwana akana." Pamene adokotalawo anandipatsa holide kawiri konse, ine n'kukaithera pabedi ku Najma, kuyang'ana kudenga.

Mukufunsa kuti chifukwa chiyani? Mantha, abale anga. Ndinkaopa mtumbira. Ndinkati ndikapanda kuuona, ndiye kuti mayi a Tadala akadali pakhomo, akusesa, akundinena kuti ndimachedwa kuimba foni. Ndinkaopanso maso a akuchikazi. Ndikanalowa bwanji m'mudzi muja, mkamwini amene sanaponye ngakhale dothi la m'manja?

Koma mlandu suola. Munthu wina wa kwathu amene amagwira ntchito muhotela kuno anapita ku holide, n'kumacheza pamsika kuti masiku ano aliyense amangonyamuka. Tadala anamva. Ananditumizira uthenga umodzi wokha: "Ababa, ngati simukufuna kubwera ingonenani. Musanamizire abwana." Kuchokera tsiku limenelo, zii. Ndikaimba, osayankha. Ndikalemba, amawerenga, osayankha. Mkazi ananditengera ndi matenda, koma mwana ndinali kumutaya ndekha, ndi pakamwa panga.

M'tchalitchi muno ndinkabwera, malaya osita bwino, kuimba nanu limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupemphera ndinali nditasiya kalekale.

Tsiku lina adokotala anandiitana. "Bweretsa pasipoti, ndikukonzere viza. Tikupita kwathu, ine ndi iwe basi. Ndikufuna kuona dziko langa mosathamanga."

Tinatsikira ku Kasablanka, tinabwereka galimoto. Ndinayang'ana mapu a pafoni: mudzi wawo uli kuseri kwa mapiri, ulendo wa tsiku limodzi munthu ukalawirira. Ndinati, "Adokotala, tikafika lero lomwe." Iwo anati, "Shuwaya shuwaya," kutanthauza pang'onopang'ono. "Khotera kunyanja."

Abale, dziko lija ndi lokongola, ndisaname. Tinayenda m'mbali mwa nyanja yamchere, mawindo ali otsegula. Tinagona m'tauni ina ya maboti a buluu, tinadya tinsomba towotcha pamakala. Panjira ndinaona mbuzi zili mumtengo. Mbuzi, amayi busa, mumtengo, pamwamba penipeni ngati apusi! Ndinati kwathu izi tikanaitanira abusa. Paliponse tikaima, tiyi wa timasamba tonunkhira, shuga ngati wa ukwati, akuthira kuchokera m'mwamba osataya ngakhale dontho. Ndipo adokotala sankalola kuti ndidyere m'galimoto. Tinkakhala tebulo limodzi, kupisa m'mbale imodzi ndi manja, buledi m'dzanja, ngati kwathu. Chibwerereni kunja kuno ndinali ndisanadyepo mbale imodzi ndi bwana.

Chilichonse chokongola ndinkajambula n'kutumizira Tadala. Mbuzi zija ndinatumiza, ndikuti mwina aseka. Anaona. Sanayankhe.

Masiku anayamba kuchuluka. Mapu akati kumanzere, adokotala akuti, "Pitirira." Tinazungulira ku Marakeshi masiku atatu, kuyang'ana makapeti amene sitinagule. Tinakwera mapiri a misewu yokhotakhota, pamwamba pake pali mbuu ndi chisanu, tinatsika, tinakaonanso mchenga. Mchenga, abale, ngati kuno ku Doha tinausowa! Ine mtima wanga ndi wapachala, amene tinakhalapo chipinda chimodzi akudziwa. Tsiku lakhumi ndinalephera kupirira. Ndinati, "Adokotala, pepani, koma ife tikungozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Kodi kumudziko kuli anthu?" Anangoyang'ana pawindo.

M'mawa mwake, linali Lachisanu ngati lero, tinafika pamphambano pena, msewu wafumbi ukulowera kumudzi kwawo. Anati ndiime. Anatsika, anagula chigubu cha madzi ndi kamtolo ka nthambi zonunkhira, n'kubwerera m'galimoto.

Anati, "Mvetsera. Mayi anga anamwalira nthawi ya Kovidi. Ine ndinali m'chipatala ku Doha, ndikupulumutsa amayi a eni ake. Ndege zitatsegulidwa ndinabwera kuno kawiri ndi takisi. Kawiri konse ndinabwerera pamphambano pano. Ndi chifukwa chake ndakutenga iwe. Uyendetse mpaka kumanda. Ndikakuuza kuti bwerera, usabwerere."

Abale, ndinamva ngati munthu wandivula malaya pagulu. Masiku onse aja ndinkawanena mumtima kuti mkuluyu ndi wozengereza, osadziwa kuti ndanyamula mnzanga wa matenda amodzi.

Ndinaliza galimoto. Sitinapite patali, anayamba. "Ima. Khalasi, basi, tibwera mawa." Ine ndinangopitirira. "Ndati bwerera! Kodi sukumva?" Anamenya pa dashibodi. "Ndikuchotsa ntchito!" Inu madalaivala anzanga mukudziwa, kuno bwana akati ima, phazi limapita lokha pa buleki. Koma ine ndinapondabe moto. Chiyambireni ntchito kunja kuno, limeneli linali tsiku loyamba kukanira bwana. Ndinakaima pachipata cha manda, iwo atabisa nkhope m'manja.

Kwathu kumanda sitimangolowa, timayamba tapempha kwa amfumu. Kuja ayi. Lachisanu anthu amangopita kukazonda abale awo, azimayi, ana, aliyense ndi madzi ake. Pachipata panali mayi wina wokalamba, mlongo wawo wa adokotala, amene anali atamva kuti tili m'njira. Sanawapatse moni. Anawamenya pachifuwa ndi chibakera, kawiri, kenako anawakumbatira osawasiya.

Ine ndinafuna kutsala m'galimoto, poti ndine Mkhristu, manda ndi a Asilamu, malemuwo sindiwadziwa. Adokotala anati, "Nyamula chigubu, mawondo anga sangathe." Ndinanyamula. Tinafika pa kamtumbira kakang'ono, mwala kumutu, mwala kumiyendo. Adokotala anagwada, anaika nthambi zija, n'kuyamba kuthira madzi pang'onopang'ono kuchokera kumutu kutsikira kumiyendo, ngati mmene umasambitsira wodwala. Akuthira akuyankhula ndi mayi awo m'chinenero chawo, mwakachetechete. Nthaka youma ija inkamwa, ndipo panatuluka fungo la mvula yoyamba.

Pamenepo ndinasweka. Ndinalira, abale. Osati kulira kwa muofesi kopukuta ndi kampango, ayi. Kulira kwa kwathu, kokuwa, manja kunkhongo. Ndinaitana mayi a Tadala ndi dzina lawo pamanda a eni ake. Anthu anasiya kuthira madzi n'kumandiyang'ana, kudabwa kuti mlendoyu malemuwa anali ndani wake. Mlongo wa adokotala uja sanafunse kanthu. Anangokhala pansi pambali panga n'kumalira nane. Maliro n'kulirana, ndipo tsiku limenelo ndinaona kuti mawu amenewa alibe mtundu.

Titatuluka adokotala anandifunsa, ndipo ndinawauza zonse, osasiyako. Nditafika pa bodza lija anaimirira. "Unamuuza mwana wako kuti ndakana ndine? Ine? Pamene ndinakupatsa holide kawiri?" Ndinati, "Eya, bwana." Kenako anati, "Iwe wandifikitsa kwa mayi anga ndikukutukwana. Ine sindingakuyendetse, maso ndilibe. Koma tikangofika ku Doha ndikukakukweza ndege ndekha, ndipo ndikaima pomwepo mpaka inyamuke." Anachitadi zimenezo, ndi ndodo yawo m'manja.

Taonani mmene Mulungu amagwirira ntchito. Ine ndinkathawa guwa lino, Iye anakandidikirira pamanda a Asilamu kuseri kwa mapiri a ku Moroko. Alipo angamuthawe ameneyu? Ameni?

Ndinafika ku Mitundu. Tadala sanandichingamire. Ndinamupeza pakhonde, wakula, nkhope yonse ya mayi ake. Anagwada, anandipatsa moni ngati mlendo wongodutsa, n'kulowa m'nyumba. Mlamu wanga anakapempha kwa amfumu, ndipo m'mawa mwake tinalowa kumanda atatu, iye, Tadala ndi ine.

Abale, mitumbira yatsopano inali yambiri, yonse yofanana, udzu utamera. Ndinaima pakati. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Mwamuna wa zaka makumi awiri m'banja, sindinadziwe pamene pagona mkazi wanga. Ndinachita kufunsa. Ndinati, "Tadala, mwana wanga, amayi ako ali pati?"

Anandiyang'ana. Kenako anayenda, n'kukaima pa mtumbira wina wa kumapeto. Anati, "Apa." Ndinagwada. Ndipo iye, mawu ake oyamba enieni kwa ine, anati:

"Atatha kukwirira, anaitana kuti mwamuna wa malemu adzaike nkhata ya maluwa. Anaitana kawiri, ababa. Kunali zii, anthu onse akuyang'ana pansi. Ndinaimirira ndine. Ndinaika yanu, ndinabwerera kukakhala, kenako anaitana ana, ndinaimiriranso."

Ndinangogwetsa nkhope padothi n'kunena kuti, "Ndinakunamiza, mwanawe. Abwana sanakane. Ndinkaopa." Iye anati, "Inenso ndinkaopa. Koma ine ndinalibe kothawira." Anagwada pambali panga, ndipo tinalira awiri mpaka mlamu wanga anachita kutidzutsa.

Sindiima pano n'kunena kuti zonse zatha. Mkazi wanga sanadzuke. Zaka zimene ndinamusiya mwana yekha ndi chisoni sizibwerera, ndipo pali masiku amene amayankhula nane mawu awiri okha. Koma akuyankha, abale. Mwana wanga akuyankha.

Ndipo iwe m'bale wanga amene uli ndi manda amene sunawaone, ndikudziwa ulipo muno, sindikuloza. Usanamizire abwana. Pali wina kumudzi akukuimirira pamalo pako, ndipo watopa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye pamphambano. Ndikuthokoza abusa, ndikuthokoza inu nonse pondimvera. Misozi mukuionayi musaiwerengere. Imirirani nane, tiwombe m'manja, amayi muimbe nthungululu, chifukwa bambo wabodza uja Ambuye amubwezera mwana wake. Aleluya! Ameni.