Mwana Wofatsa M'ndege

Mzere wa ku ofesi ya mapasipoti unali utangoima. Mayi wina wachitsikana ankagwedeza mwana kumsana, thukuta lili kamukamu, pomwe mzimayi wachilendo kumbuyo kwake anamukodola.

"Mukupita naye kunja mwanayu, achemwali?"

"Eya, kwa bambo ake. Sanamuonepo chibadwire."

"Katemera wa matenda a chiwindi analandira?"

"Kusikelo anandiuza, koma ndazemba dala. Ameneyu akamubaya amatentha thupi n'kumalira osatonthola. Ndikachite manyazi m'ndege, anthu onse akundicheukira?"

"Ndiye mukuteteza makutu a anthu osawadziwa, chiwindi cha mwana wanu n'kuchisiya pamtetete?"

"Iii mayi, mwanayu ndi wanga! Akuyamwa bwinobwino. Ndikamubayitsa konko tikakakhazikika."

"Inenso ndinkatero. Wanga ndinapita naye kunja wosabayitsa, ndikuti ndidzaona pobwera."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Pobwerapo sanalire ngakhale pang'ono. Maso ali chikasu, bere akulikana, khosi lili lende. Amene ndinakhala nawo pafupi m'ndege ankangondiyamikira kuti, 'Koma muli ndi mwana wofatsa!'"

"Nanga panopa ali bwanji?"

"Mzere wayenda, achemwali. Sunthani."

Mayi wachitsikanayo sanasunthe. Anatsitsa mwana kumsana n'kumukweza chikope ndi chala kuti aone mtundu wa diso. Mwanayo analira mokuwa mpaka anthu onse pamzerepo anacheuka.

"Musamutontholetse," anatero mzimayi uja chapansipansi. "Musiyeni alire."