Zikomo wa Bambo Anselmo Pedrazzi

Abale, anansi ndi anzathu a ku gule, amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Anselmo Pedrazzi, omwe anabadwa m'chaka cha 1938 ku Mataderos, konkuno ku Buenos Aires. Ine wowerenga mbiriyi ndine Osvaldo, mlamu wawo, mlongo wa Mayi Nélida amene atsala amasiyewa.

Malemuwa anali achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu anailekezera ku pulayimale bambo awo atamwalira, ndipo analowa ntchito yokonza mabogi a sitima. Ntchito yomweyo ndi imene anaigwira mpaka kupuma. Manja awo anali okhakhala ngati khungwa la mtengo, koma mayi aliyense amene anavinapo nawo angakuuzeni kuti dzanja lomwelo likafika pamsana linkapepuka.

Gule wa tango anamuphunzira mmene ankaphunzirira amuna a nthawi imeneyo, amuna okhaokha m'holo ya kalabu, wophunzira n'kumavina mbali ya mkazi kufikira atadziwa mmene kutsogoleredwa kumamvekera. Ankakonda kunena kuti mwamuna amene sanatsogoleredwepo amakankha mnzake ngati wilibala. Kwa iwo gule sanali m'miyendo. Anali pachifuwa, pamene anthu awiri amagundana, tsaya pa tsaya, mpaka wina kumva kupuma kwa mnzake n'kudziwa kolowera phazi lisanasunthe.

Achemwali anga anakumana nawo mu 1959, ku gule wa Lamlungu masana. Nonse mukudziwa mwambo wathu: ukatenga munthu umavina naye nyimbo zinayi, ndipo mawu oti zikomo amanenedwa posiyana basi. Kuwanena nyimbo zisanathe ndiye kumuuza mnzako kuti wakukwana, akakhale pansi. Tsiku limenelo nyimbo zinayi zitatha, malemuwa sanathokoze. Achemwali atawafunsa ngati kwawo ulemu kulibe, iwo anayankha kuti, "Ndikathokoza ndiye kuti tamaliza. Ine sindinamalize."

Anamanga ukwati woyera mu 1962, ndipo pa zaka zonse za banja lawo asanadwale mawu amenewo sanawanenepo kwa mkazi wawo. Akapatsidwa chakudya kapena malaya ochapa, ankangowakhudza achemwali pamsana. Ife tinkawaseka kuti ndi mwano wongobisalira m'gule. Achemwali nawo ankadandaulira aneba kuti anakwatiwa ndi munthu wosayamika, koma ankadandaula akumwetulira.

Za ku tchalitchi tisanamizane pamaso pa maliro. Ku Misa ankapita, koma ankakhala pafupi ndi khomo, nsapato za gule zili m'kathumba pansi pa benchi. Komabe mabenchi ambiri amene mumakhalapo m'menemo anawakonza ndi iwowo, popanda wowatuma.

Matenda oiwala anawayamba zaka zingapo zapitazo. Anayamba ndi makiyi, kenako njira ya kunyumba, kenako mayina a ana awo. Tsiku lina anafunsa mkazi wawo kuti akufuna chiyani m'nyumba mwa eni. Chinthu chimodzi chokha chinatsala. Achemwali akaika nyimbo n'kuwakumbatira, chifuwa pa chifuwa, thupi la malemuwa linkawazindikira. Ankapuma mozama n'kunong'ona kuti, "Wafika, Neli." Achemwali ankakhalira moyo mawu awiri amenewo. Lamlungu lililonse ankawasambitsa, kuwapesa, kuwaveka jekete n'kupita nawo ku kalabu, kuti mwamuna wawo awabwerere ngakhale kwa nyimbo zinayi zokha. Ana atabweretsa maganizo oti bambo akasungidwe kumalo osamalira okalamba, mayi awo anakana kwamtuwagalu. Anati malinga akuwadziwa pagule, sapita kulikonse.

Zimene zinachitika ku kalabu m'nyengo yozizira chaka chatha ambiri a inu munaziona. Nyimbo yoyamba inatha malemuwa osanong'ona kanthu. Achemwali anadikira, n'kuwakumbatira kwambiri. Pakati pa nyimbo yachiwiri malemuwa anaima, anachotsa dzanja pamsana paja, anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuwerama ndi ulemu wonse umene ankapereka kwa alendo. "Zikomo kwambiri, mayi," anatero. Anawaperekeza achemwali ku mpando wawo monga mwambo unenera, kenako anakakhala pawokha akuyang'anayang'ana kukhomo. Nditawafunsa kuti alamu mukufuna ndani, anati akudikira mkazi wawo, wachedwa.

Achemwali sanalire pagulu. Anavula nsapato za gule n'kuziika m'kathumba. Kunyumba anayesanso kambirimbiri, nyimbo zomwe zija, kukumbatira komwe kuja, koma malemuwa ankangoima manja ali lende, kudikira kuti mlendoyo awasiye. Achemwali anapitiriza kusambitsa ndi kudyetsa munthu amene tsopano ankawathokoza pa chilichonse, mpaka Lachiwiri lapitali pamene chibayo chinawatenga ali kuchipatala.

Anthu akhala akutipepesa ndi mawu oti akapuma. Mwina apumadi. Koma ine zikundiwawa ndipo sindibisa. Munthu kusunga mawu amodzi moyo wake wonse wa m'banja, kuti matenda adzawatulutse pa tsiku limene mwini wake sakudziwa n'komwe amene akumuuza! Chitonthozo pamenepa ndachifunafuna, sindinachipeze. Dzulo achemwali anandiuza kuti umasiye wawo sunayambe Lachiwiri.

Malemuwa asiya mkazi wawo Mayi Nélida, ana awiri, Graciela ndi Horacio, adzukulu asanu, komanso mlongo wawo Mayi Amalia a ku Rosario, amene alephera kufika chifukwa cha miyendo.

Mbiri ngati iyi timaitseka pothokoza malemu pa zabwino zimene anatichitira. Achemwali andipempha kuti ndisatero, ndipo nanunso amene muponye dothi musatero. Akuti nyimbo zina zatsala, ndipo iwo sanamalize.

Apumule mu mtendere alamu anga, mtendere umene otsalafe tilibe.