Utsi wa Noelene Ndi Woyera

Mwezi wa Julayi kuno ku Launceston utsi sukwera kumwamba, umangokhala pansi m'chigwamu ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Dokotala atanena kuti mphumu ya Tahlia ikukula chifukwa cha utsi wa nkhuni, mayi ake, Noelene, anatuma mwamuna wake Graeme kukauza aneba kuti azimitse mbaula zawo.

Graeme anabwerako akumwetulira, mphuno ili psuu ndi chisanu.

"Avomera onse," anatero.

"Onse? Ngakhale Merv, wouma mutu uja?"

"Merv ndiye woyamba. Anangofunsa kuti, nanga yanu?"

"Yathu yatani?" Noelene anaponya chikuni china m'mbaula. "Nkhuni zanga n'zouma, ndinasankha ndekha chimodzichimodzi mpaka wogulitsayo anatsala pang'ono kulira. Utsi wathu ndi woyera!"

Kuchipinda Tahlia anatsokomola.

"Mwamva? Ndi wa Merv umenewo."

Graeme anatchera khutu. "Umaudziwa bwanji?"

"Ndine mayi, Graeme. Ndiye Merv munamuyankha chiyani?"

"Zomwe unanena. Kuti yathu sizima ngakhale dziko litatha."

"Aa! Zimenezo zinali zoti mukanene? Zinali zathu, za m'nyumba!"

"Sunatero ayi. Ndiye akazi ake, Beryl, anafunsa kuti aziwotha kuti."

"Avale mabulangete!"

"Ndinati sindikudziwa, koma kwathu kumatentha."

Noelene anaika chitsulo chosonkhezera moto pansi, pang'onopang'ono. "Munati kwathu chiyani?"

"Kumatentha. Nanga ndanama? Anasangalala, iwe! Beryl akuti umusungire mpando wapafupi ndi moto. A Nguyen afunsa ngati timadya nthawi yanji."

"Timadya?"

"Ndawauza. Ndawauzanso za masikono aja."

"Mayo ine! Masikono anga!"

"Agalu a Merv savuta, amangofuna sofa. Ndipo si lero lokha, usadandaule. Akuti azibwera mpaka chisanu chithe."

Noelene anakankha katani. Mumsewu, m'kati mwa nkhungu, anthu anali atandondozana: wina mtsamiro m'khwapa, wina kapu yake m'manja, Merv patsogolo ndi agalu ake, onse akulondola chumuni chimodzi chokha chomwe chinkafuka.

Noelene anathamangira kukhitchini, n'kubwerako ndi ndowa yodzaza madzi.

"Noelene, nanga suja unati ngakhale dziko litatha..."

"Chokani apo, bambo inu! Mukufuna kundiphera mwana ndi utsi?"