Moyo wa Amai Joana Mumba, Ogulitsa Nthochi pa Kacholola

Malemu Amai Joana Daka Mumba anabadwa pa 14 Malichi 1968, pa mudzi wina kufupi ndi Fingowe, m'dziko la Mozambiki. Anali mwana woyamba wa Bambo Febian Daka ndi Amai Virginia Lungu, ndipo pambuyo pao panabadwa mwamuna mmodzi yekha, a Mateyo, amene akhala pa mpando apo. Tsiku limene ndatchulali ndi lolembedwa pa kadi lao la ubatizo. Iwo eni ake anali kungonena kuti anabadwa nthawi ya chimanga chachiwisi.

Ine amene ndapatsidwa ntchito yowelenga mbili iyi ndine Eustace Mumba, mng'ono wa amuna ao. Ndikuona kuti dzuwa lakula, ndipo ambili a inu mwagona pabwalo pano kuyambila Lachiwili. Sindichulutsa mau. Koma abanja anandipempha kuti ndisalumphe zina, ngakhale zili zolemela kuzinena pagulu.

M'chaka cha 1976 malemu anayamba sukulu kwao komweko, kuphunzila m'Chipwitikizi. Anafika kalasi yachitatu, kenaka nkhondo inakula, aphunzitsi anathawa, sukulu n'kutsekedwa. Sanabwelelenso m'kalasi. Chimene chinawatsalila ndi kuwelenga manambala, ndipo mpaka ukalamba, akatopa kwambili, munali kuwamva akuwelenga nthochi m'Chipwitikizi osazindikila.

Mu 1986, ali ndi zaka 18, mudzi wao unatenthedwa. Anathawa wapansi ndi amai ao ndi a Mateyo, amene panthawiyo anali aang'ono, oyenela kubelekedwa pa malo ena. Bambo ao anabwelela kuti akatenge mbuzi ziwili zimene zinatsala m'khola, n'kuwauza kuti akawapeza kutsogolo. Sanawapeze. Mpaka lelo palibe amene adziwa pamene anagona. Atatuwo analowa m'Zambia, anakhala kaye m'midzi ya m'malile, ndipo mu 1987 anatengedwa kupita ku Ukwimi, kumene othawa nkhondo anapatsidwa minda.

Kumeneko ndiko anakumana ndi akulu anga, malemu Bambo Peter Mumba a ku Nyampande, amene anali osula ndipo anali kupita ku Ukwimi pa njinga kukagulitsa makasu ndi nkhwangwa. Akulu anga anali kunena kuti khasu limodzi analigulitsa kwa amai a mtsikanayo katatu, chifukwa nthawi zonse anali kubwelela kukafunsa ngati mpini ukugwila bwino. Ukwati unadalitsidwa ku Minga mu Ogasiti 1990. Mulungu anawapatsa ana asanu: Gift, Tisunge, Webster, Yvonne ndi Davies. Webster anatisiya ndi malungo ali ndi zaka ziwili.

Mu 1994 nkhondo itatha, anthu a ku Ukwimi anayamba kubwelela kwao. Amai ao ndi a Mateyo anakwela galimoto, koma malemu anatsala chifukwa cha banja. Anagwilizana kuti akakolola adzapita kukawaona. Chaka chimenecho mwana anadwala, chaka chotsatila zokolola zinavuta, ndipo mu 1997 munthu wina wapaulendo anafika ku Nyampande ndi uthenga wakuti amai ao anamwalila, ndi kuti udzu unamela kale pamanda. Ife amene tinalipo tikumbuka kuti sanalile mokweza. Anatenga khasu n'kupita kumunda, ndipo anabwelako dzuwa litapendeka.

Kuyambila pamenepo, palibe malilo amene anawamva n'kukhala pansi. Kaya ndi a mpingo wao kapena wina, kaya womwalilayo anali kumudziwa kapena ai, anali kufika ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Sanali kukhala m'nyumba ya siwa nthawi yaitali. Malo ao anali kuseli kwa nyumba, pamene pali mbale zakuda ndi ndowa zopanda madzi. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake amadzivuta chotelo, anandiyankha kuti amai ao anaikidwa ndi anthu ena, mbale zinatsukidwa ndi anthu ena amene iwo sadzawadziwa, ndiye kuti nawonso ayenela kukhala munthu wina wa ena. Pa maukwati, pa ubatizo ndi pa zinkhoswe zinali chimodzimodzi. Dzana ana atafunafuna chithunzi chabwino choika pa bokosi, anavutika. M'zithunzi zonse za maphwando a banja lathu, alamu anga amaoneka kumbali, atawelama, kapena msana wokha.

Mu 1999 banja linasamukila kuno ku Kacholola, chifukwa ntchito yosula inali itachepa ndipo ana anafunika sukulu. Malemu anayamba kugulitsa nthochi pamseu. Tsiku loyamba sanadziwe poima, ndipo amene anasuntha dishi yao n'kuwapatsa malo pa mthunzi anali Amai Bernadette Zulu, amene banja lao linachokela ku Katete. Ambili a inu munawaona awiliwa. Basi ya ku Lusaka kapena ya ku Chipata ikaima, anali kuthamangila limodzi, wina mbali iyi wina mbali inayo, ndipo basi ikapita anali kubwelela pa mthunzi akuseka zimene okwela anena. Anali kuitanana amake Gift ndi amake Juliet. Mmodzi akadwala, mnzake anali kusenza madishi awili. Amai Zulu atagona m'chipatala ku Nyimba mu 2002, ana ao anadya ndi kugona kwa alamu anga kufikila amai ao atatuluka. Pa Khisimasi mabanja awiliwa anali kupha nkhuku pamodzi, moti ana a anthu ena anali kuganiza kuti ndi pachibale.

Choncho Gift atakwatila Juliet, mwana wa Amai Zulu, mu Okutobala 2013, palibe amene anadabwa. Ndilo tsiku lokha limene ndinaona malemu akuvina pakati pa bwalo, chifukwa mnzao anawakoka dzanja kuwachotsa pa mbale. Anasiya kuitanana amake uje, n'kuyamba kuitanana asewele. Mu 2015 panabadwa mdzukulu wao Faith.

Tsopano ndafika pamene ndinapemphedwa kuti ndisalumphe. Ukwati wa anawo unatha mu 2017. Sindinaime pano kuti ndiweluze mlanduwo, ndipo onse awili ali pano, aliyense ndi banja lake latsopano. Koma pa zokambilana, kholo lililonse linaima kumbali ya mwana wake, ndipo panatuluka mau amene sakanayenela kutuluka. Amai Zulu anandiloleza kunena kuti iwo anauza mnzao kuti ndi munthu wobwela, wosadziwa za kuno, ndipo abwelele kwao. Malemu nawonso anayankha mau akuthwa. Kuchokela tsiku limenelo moni unatha. Anapitiliza kugulitsa pamseu womwewo, wina pa mthunzi wakale, wina pafupi ndi sitolo, ndipo basi ikaima aliyense anali kuyang'ana zenela lake. Ansembe anayesa, amai a bungwe la Anna Woyela anayesa, inenso ndinayesa. Tonse tinatopa.

Mu 2019 amuna a Amai Zulu anamwalila. Alamu anga sanatumizilidwe uthenga, komabe anapita ndi nkhuni zao, anakhala kuseli kwa nyumba mpaka tsiku loika, n'kubwelela kwao osalankhula ndi mwini malilo. Pambuyo pake miyendo ya Amai Zulu inayamba kutupa, anasiya zapamseu, ndipo kupita ku chitsime kunakhala kovuta, ana onse ali kutali. M'mawa wina anapeza ndowa yodzaza madzi pa mpanda wao. Anaidziwa ndowayo, chifukwa anagula limodzi ku Nyimba. Anathila madziwo mu mtsuko, anaitsuka ndi kuibwezela pomwepo. M'mawa mwake inali yodzaza. Zimenezi zinapitilila zaka, mvula ndi dzuwa, popanda wina kunena zikomo kapena pepani. Yvonne atawafunsa amai ake chifukwa chimene amatungila madzi munthu wosawalankhula, anamuuza kuti mkangano uli pakamwa, miyendo ya mnzao ilibe mlandu.

Mu Julai 2021 akulu anga Bambo Peter Mumba anamwalila, nthawi ija ya mlili pamene anthu sanali kuloledwa kusonkhana. Tinawaika m'mawa, tili owelengeka, popanda kugona pa malilo, popanda nyimbo zambili. Munthu amene anapita ku malilo a aliyense m'dela lino anaika amuna ao pabwalo pali zii. Sanadandaule kwa munthu, koma ife tinaona kuti kuyambila pamenepo anayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo basi ikaima nthawi zina anali kuiyang'ana chabe. Masiku amenewo pakhomo pao panapezeka mtolo wa nkhuni, ndipo Faith ndiye anaulula kuti ambuye ake a kwa Zulu anautola okha, akukwawa.

Chaka chino cha 2024 nonse mukudziwa mmene mvula inatichitila. Malemu analima, chimanga chinauma chisanabeleke. Kaufa kamene ana anali kutumiza kuchokela ku Lusaka ndi ku Petauke kanali kutha msanga, chifukwa mwana wa mnansi akaima pakhomo sanali kumubweza. Mu Julai anayamba kudandaula befu ndi kutupa mapazi. Anapita ku chipatala cha Nyimba mu Ogasiti, n'kuuzidwa kuti mtima watopa ndipo asamanyamule zolemela. Mankhwala anamwa, koma ndowa sanaisiye, mpaka m'mawa wina anagwa panjila ya ku chitsime. Pa 9 Sepitembala Tisunge anawatengela ku chipatala cha Minga, kufupi ndi kumene iye amakhala, ndipo anagonekedwa.

Amai Zulu ataona ndowa ili pa mpanda yosatengedwa, anafunsa kwa anansi. Atamva, anamanga chitenje ndi mphasa, anakwezedwa basi ndi anthu awili, ulendo wa ku Minga. Tisunge akuti atalowa m'chipinda cha odwala, amai awiliwo anayang'anana nthawi yaitali. Kenaka malemu anasendela pang'ono pabedi kuti mnzao akhale, n'kunena kuti, "Asewele, mwabwela ndi miyendo imeneyo? Khalani apa, pansi simudzadzuka."

Amai Zulu sanabwelelenso ku Kacholola masiku onsewo. Anakhala wodwazika, kuwamwetsa phala, kuwapesa tsitsi, kuwapukuta thukuta, iwonso akuyenda mogwila zipupa. Ana akuti za 2017 sanazikambe ngakhale kamodzi. Anali kukamba za nthochi za masiku ano kuti zilibe kukoma, za anzao a pamseu amene anatsogola, ndi za Faith kuti akuchita bwino ku sukulu. Nthawi zambili wina anali kungogwila dzanja la mnzake. Gift ndi Juliet anakumana pa bedi limenelo, ndipo anapatsana moni monga anthu akulu.

Lamulungu lapitali, atalandila masakalamenti, malemu anaitana ana ao ndi kuwauza kuti atopa, ndipo kutopa kumeneku sikwa dzulo kapena dzana. Anati, "Ndinayenda kale ulendo wautali. Musandinyamule kupita kutali, mundiike pamene anthu anga angafike wapansi." Anamwalila Lachiwili pa 15 Okutobala 2024, masana, ali ndi zaka 56, Amai Zulu ali pambali pao.

A Mateyo atafika kuchokela ku Mozambiki, anabwela ndi pempho la akwao lakuti mlongo wao akagone pafupi ndi amai ao. Pempho limenelo linali lomveka, ndipo tinakambilana dzulo tsiku lonse. Atamva mau otsiliza a malemu, ndipo ataona unyinji uli panowu, analola. A Mateyo, tikudziwa kuti mubwelela nokha njila yaitali. Banja la a Mumba likuthokozani.

Malemu asiya ana anai: Gift, Tisunge, Yvonne ndi Davies, adzukulu asanu ndi awili, mlongo wao a Mateyo Daka ndi banja lao, ndi ife alamu ao a ku Nyampande. Ana anandiuzanso kuti pa maina a abale ndiike Amai Bernadette Zulu, ndipo ndawaika.

Tithokoza madokotala ndi anamwino a ku Nyimba ndi ku Minga, amene anachita zonse zimene akanatha. Tithokoza ansembe ndi akwaya, amai a Anna Woyela amene asambitsa thupi, amai ogulitsa pamseu amene anasiya madishi ao kuyambila Lachiwili, adzukulu okumba manda amene alimbana ndi nthaka youma ngati mwala, Bambo Jerry Tembo amene anapeleka galimoto yao kukatenga thupi ku Minga, ndi aliyense amene anabwela ndi kambale ka ufa m'chaka chimene ufa uli wosowa m'nyumba zanu zomwe.

Pomaliza ndili ndi pempho limodzi. Tinakonza kuti Amai Zulu akwele galimoto kupita kumanda, koma akana. Akuti mnzao amupelekeza wapansi. Choncho onyamula bokosi ndi akwaya, musafulumile. Iwo akaima, tonse tiime.

Alamu athu, Amai Joana Daka Mumba, ntchito yanu yatha. Ambuye akupatseni mpumulo umene simunaupeze pansi pano, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendele.